Tisamale popaka mankhwala a sublimation pa matabwa ogoba ndi laser

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi amisiri anzanga amene akugoba zikwangwani, zikumbutso za maukwati ndi timatabwa ta mphoto ndi makina a laser, kenako n'kuikapo zithunzi za mitundu mwa njira ya sublimation. Ntchitoyi ndi yokongola, koma ambiri tikuithamangira tisanamvetse chimene chimagwira mtundu pathabwa.

Inki ya sublimation simata pamwamba ngati penti. Ikatenthedwa kufika madigiri 180 mpaka 200 imasanduka mpweya n'kulowa mu polyester, amene ndi mtundu wa pulasitiki, ndipo ikazizira imatsekeredwa momwemo. Thabwa palokha lilibe polyester, n'chifukwa chake timayamba talipaka mankhwala amene ali naye, mopyapyala, kawiri kapena katatu, n'kulisiya kuti liumiretu. Amene akupaka vanishi wamba wa mipando poganiza kuti n'chimodzimodzi akungoononga matabwa, pakuti vanishiyo akatentha amafewa, pepala la chithunzi limakanirira pathabwa, ndipo chithunzi chimatuluka chotuwa.

Ine ndinaphunzira movutika. Ndinatenga thabwa la paini losauma bwino, ndinagobapo maina a akwati, n'kupaka mankhwala madzulo, m'mawa mwake n'kuliika pamakina otenthetsera. Nditatsegula, nthunzi inafuka, utomoni unali utatuluka pamfundo ya thabwalo n'kuyenderera pankhope ya mkwatibwi, ndipo mwaye wa laser umene sindinaupukute unali utadetsa m'mbali mwa zilembo zonse. Ndinabweza ndalama za eni ake mwamanyazi. Chiyambire tsikulo ndimayamba ndakwecha thabwa ndi sandipepa wosalala, kuchotsa mwaye m'mizere ndi kaburashi, ndi kulitenthetsa kwa masekondi angapo kuti chinyezi chituluke ndisanaikepo pepala la chithunzi.

Tikumbukirenso kuti pa inki zimenezi palibe yoyera, ndipo zonse zimaonetsa zapansi pake. Mbawa ndi mlombwa, ngakhale ndi mitengo yapamwamba, imameza mitundu chifukwa cha kuda kwake. Malaina kapena pulayiwudi woyera ndiye amaonetsa bwino, apo ayi muyambe mwapaka penti yoyera pansi. Ndipo popeza chitsulo cha makina otenthetsera n'chafulati, chimangokhudza pamwamba pokha, moti m'mizere yogobedwa mtundu sufikamo bwino. Ena pofuna kupewa zimenezi amayamba ndi chithunzi, laser n'kubwera pambuyo.

Apa ndi pamene pali nkhawa yanga yaikulu. Kugoba thabwa lopakidwa kale n'kuwotcha pulasitiki, ndipo utsi wake si wopuma munthu. Thabwa la MDF, lopangidwa ndi utuchi womatidwa, lili ndi guluu wokhala ndi mankhwala oopsa otchedwa formaldehyde, pamene pulasitiki ya PVC ikapsa imatulutsa mpweya wa asidi umene umawotcha mapapo n'kudya zitsulo za makina, kotero PVC siyenera kuyandikira laser n'komwe. Komabe ndaona anyamata ophunzira ntchito atakhala tsiku lathunthu m'kachipinda kopanda zenera, maso ali psuu, akutsokomola, popanda paipi yotulutsira utsi kunja.

Ndikupempha a TEVETA ndi masukulu a ntchito zamanja kuti aganizire zophunzitsa luso limeneli pamodzi ndi chitetezo chake. Nafenso amisiri tiziwauza makasitomala zoona tisanalandire ndalama zawo, kuti mitundu ya sublimation imafwifwa ndi dzuwa, choncho chikwangwani chotere n'choyenera m'nyumba osati pageti.

Mmisiri wa zikwangwani,
Ndirande, Blantyre