Usanasaine pepala la ku Joni

Wokondedwa mwana wanga,

Uthenga wako tinaumva. Amayi ako akondwa kuti ukubwerera kwathu kuno, uzigwira ntchito ya kampani ya ku Johannesburg ija pa kompyuta uli ku Lilongwe. Inenso ndakondwa, koma mfundo imodzi yandisowetsa mtendere. Wati abwana akufuna uyambe walemba kalata yosiya ntchito, kenako akupatse kontirakiti yatsopano ngati munthu wodziyimira payekha, ndipo akuwonjezera kangachepe pa malipiro. Ine ndinakalambira mu ofesi yokonza malipiro a antchito, ndiye undimvere pang'ono.

Tenga pepala lako la malipiro uone mzere wa UIF. Mwezi uliwonse amakudula 1 peresenti, kampani n'kuikaponso 1 peresenti. Limeneli ndi thumba la boma la South Africa lothandiza munthu ntchito ikamuthera. Amene wasonkha zaka zinayi zathunthu angalandire mpaka masiku 365, ndipo pa masiku 238 oyambirira amapatsidwa pakati pa 38 ndi 60 peresenti ya malipiro ake, gawo lalikulu likumapita kwa olandira zochepa, pomwe pa masiku otsalawo amapatsidwa 20 peresenti yokha. Powerengera maperesentiwa, gawo la malipiro lopitirira R17,712 pamwezi saliwerengera, choncho usayembekeze chuma. Ndi ndalama yoti munthu asagone ndi njala uku akusaka ntchito ina.

Koma thumbali silipereka kwa munthu amene wasiya ntchito mwa kufuna kwake. Limapereka kwa amene wachotsedwa, amene kontirakiti yake yatha, kapena amene kampani yake yagwa. Pa fomu ya UI-19 abwana amalemba chifukwa chimene ntchito yathera, ndipo kalata imene akukupempha kuti ulembeyo ndiyo idzakhale umboni woti unachoka wekha. Zaka zonse wasonkha zija ukhala wadzitsekera khomo ndi dzanja lako. Pa kontirakiti yatsopanoyo sudzasonkhanso, chifukwa lamulo lawo silimuwerenga munthu wodziyimira payekha ngati wantchito. Kunena mosabisa, akukusandutsa waganyu wovala bwino.

Ngakhale atavomera kuti ukhalebe wantchito wawo, dziwa kuti wofuna ndalama ya UIF ayenera kupempha pasanathe miyezi 12, kulembetsa ku ofesi ya zantchito ya kumeneko ngati munthu wofuna ntchito, ndi kukhala wokonzeka kuyamba ntchito ikapezeka. Zimenezi n'zovuta kuzichita uli ku Area 25.

Mwina ukuganiza kuti malamulo a kwathu adzakugwira dzanja. Kuno kulibe thumba lolipira munthu chifukwa choti ntchito yamuthera. Chimene tili nacho ndi penshoni, pomwe wolemba ntchito amaika 10 peresenti, wantchito 5 peresenti, komanso ndalama ya severance kwa amene wachotsedwa popanda mlandu: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse m'zaka zisanu zoyambirira, atatu m'zaka zisanu zotsatira, anayi kupitirira apo. Zonsezi zimayenda ngati pali wolemba ntchito amene boma lingamupeze. Kampani yako ilibe ofesi kuno. Ikadzakutumizira imelo yoti ntchito yatha Lachisanu, a ku Labour akapereka samani kwa yani? Ku Joni adzati suli wantchito wawo, kuno adzati abwana ako sali m'dziko muno.

Amene sadzakuiwala ndi a MRA okha. Ntchito ikugwiridwa pa nthaka ya Malawi, msonkho wake ndi wa kuno, ngakhale ndalama ikuchokera kunja. Katenge TPIN, nambala yako yokhomera msonkho, ndipo ukafunse munthu wodziwa za misonkho kuti usadulidwe mbali zonse ziwiri.

Sindikuti ukane. Ndikuti ubwerere kwa abwanawo ndi mafunso, ndipo mayankho ake akhale olembedwa. Kodi sangakusungebe ngati wantchito? Ngati ayi, mukadzasemphana, mlandu udzaweruzidwa ndi malamulo a dziko liti? Akafuna kuthetsa kontirakiti, adzakuchenjeza kwatsala nthawi yaitali bwanji? Ndipo kangachepe akukuwonjezerako ukayese bwino. Penshoni yokha ndi 15 peresenti imene tsopano uzidzisonkhera wekha. Onjezapo za kuchipatala, kaya ndi MASM kaya kwina, masiku a tchuthi amene sadzakulipiranso, intaneti, ndi sola ya nthawi imene magetsi athima. Ngati ndalamayo sikufika pamenepo, malipiro ako atsika ngakhale nambala yakwera.

Usanakwere basi, sonkhanitsa mapepala: a malipiro onse, umboni woti kampani inkaperekadi ndalama zako ku UIF, ndi chikalata cha thumba la penshoni la kuntchito chokhala ndi nambala yako. Uwajambule, uwasungenso pa intaneti. Akuluakulu ambiri amene anapita kumigodi nthawi ya Wenela ndi TEBA akalamba akulondola ndalama zawo, ndipo chimene chimawagwetsa kawirikawiri ndi mapepala amene anatayika kapena kudyedwa ndi chiswe.

Ukafika kuno, mwezi woyamba womwewo ukafunse kwa osunga penshoni ngati NICO kapena Old Mutual za akaunti yodzisonkhera wekha. Padera, uziika ndalama yokwana kukusunga miyezi isanu ndi umodzi, ndipo usamaikhudze. Kumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, choncho ukafunse kubanki ngati angakulole kusungako ina mu ndalama yakunja. Za thumba limeneli usauze abale. Akangomva kuti ukulandira marandi, aliyense adzakhala ndi vuto lofunika kuthetsa lero, ndipo iwe ndimakudziwa, sutha kukana.

Unditumizire kontirakitiyo pa WhatsApp, masamba onse, ndi timalemba tating'ono ta kumapeto tomwe. Kalata yosiya ntchitoyo usalembe mpaka titakambirana Lamlungu tikaweruka kutchalitchi.

Ndine bambo ako.