Thandizo la boma liziwerenga ana, osati khomo chabe

A Mkonzi,

Ndine mmodzi wa anthu a m'komiti ya CWAC m'mudzi mwathu kuno ku Katete, ife amene timayenda khomo ndi khomo kuona mabanja oyenera kulandira ndalama za Social Cash Transfer, thandizo la boma kwa mabanja ovutika. Ndi ntchito yongodzipereka, koma anthu akadandaula amayambira kwa ife.

Thandizoli sindikulinyoza ayi. Linayamba ku Kalomo, kum'mwera kwa Zambia, mu 2003, lero lafika mpaka kwathu kuno, ndipo mu 2025 linakwera kuchoka pa K200 kufika pa K400 pa mwezi. Pa chilala cha 2024 makomo ena utsi sukanafuka popanda ndalamazi.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi ichi. Pafupi ndi ine pali ambuya ena amene akulera adzukulu asanu. Mwana wawo wamkazi anamwalira, mkamwini anapita ku Lusaka, mpaka lero zii. Kutsidya kwa dambo kuli madala ena amene amakhala okha. Aliyense wa iwo amalandira K800 pakatha miyezi iwiri. Madalawo zimawakwanira, ndipo sindiwachitira nsanje, anavutika kale. Koma ambuyawo akagula chimanga, mchere ndi sopo, n'kulipira kuchigayo, mwezi woyamba usanathe m'chikwama mwayera. Pakamwa sikisi pakudya ndalama yofanana ndi ya pakamwa pamodzi.

Mudzati sukulu ndi yaulere kuyambira 2022. Zoona, ndipo ana anayi mwa asanuwo analembetsa. Nanga yunifomu, mabuku ndi nsapato? Mdzukulu wamkulu, mtsikana wa giredi 6, Januwale ndi Febuluwale amathera m'minda ya anthu kupalira kuti apatsidwe meda ya chimanga. Aphunzitsi ake akandifunsa kuti mwana uja ali kuti, ndimangoyang'ana pansi.

Khomo lokhala ndi munthu wolumala kwambiri limalandira zochulukirapo, kutanthauza kuti boma likudziwa kale kuti katundu wa mabanja salingana. Bwanji osaganiziranso ana chimodzimodzi? Pa K400 paja pakhale kowonjezera pa mwana aliyense wa pakhomopo, ngakhale kochepa. Kuwawerenga sikungavute, ife timawadziwa mayina ndi misinkhu yomwe.

Aphungu athu a kuno kum'mawa, nkhaniyi mukainene ku Nyumba ya Malamulo pokambirana bajeti. Amene akukayika abwere mu Febuluwale, ndidzawaperekeza kwa ambuyawo.

Mayi wa CWAC,
Katete