Tisamalekezere pa 97 pophunzitsa ma prime

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi aphunzitsi anzanga a masamu. Tikafika pa mutu wa ma prime, manambala aja ogawika ndi 1 ndi iwo eni okha, timangouza ana aloweze 2, 3, 5, 7 mpaka 97, basi tadutsa. Izi zimandiwawa, chifukwa kukoma kwa mutuwu kuli kutsogolo.

Ine ndimalemba pa bolodi 2,147,483,647 n'kufunsa kuti ndani angaigawe popanda chotsala. Ana amaona msanga kuti 2 ndi 5 sizingatheke, poti ikuthera ndi 7. Wina amaphatikiza manambala ake onse khumi n'kupeza 46, ndiye 3 nayenso wagwa. Amayesa 7, 11, 13, thukuta kamukamu. Akatopa m'pamene ndimawauza kuti palibe adzaigawe, ndi prime.

Sinangogwa kumwamba ayi. Ndandalikani ma 2 okwana 31, muwachulukitse, muchotsepo 1, mwaipeza. Ma prime opangidwa motere amatchedwa a Mersenne, ndipo 31 yemweyo ndi wa mtunduwu: ma 2 asanu amapereka 32, kuchotsa 1. Koma mwana asaganize kuti njirayi imabala prime nthawi zonse. Ma 2 okwana 11, tikachotsa 1, amatipatsa 2,047, amene ndi 23 kuchulukitsa ndi 89.

Katswiri wa masamu Leonhard Euler ndiye adatsimikiza mu 1772 kuti nambala yathuyi ndi prime, maso ake atafa kale, makina owerengera kulibe. Apa ndimachedwapo dala. Sadayese manambala mabiliyoni awiri. Zidali zokwanira kulekezera pa 46,340, chifukwa nambala ikakhala yogawika, mmodzi mwa oigawa saposa square root yake, nambala ija imene ukaichulukitsa ndi iyo yomwe umapeza nambala yoyambayo. Adadziwanso kuti aliyense woigawa ayenera kusiya 1 akagawidwa ndi 62, choncho ambiri adawataya osawakhudza n'komwe. Mwana akamva zimenezi amazindikira kuti kuganiza kumachepetsa ntchito, ndipo ndaonapo ena odana ndi masamu akutsalira m'kalasi kuti ayese okha. Padapita zaka 95, mpaka 1867, anthu asanapeze prime woiposa. Wa Mersenne amene adapezeka mu 2024 ali ndi manambala oposa 41 miliyoni polemba.

Ena amati nanga izi zipindulira chiyani mwana? Makompyuta ambiri amasunga nambala m'ma bit 32, timalo tosunga 0 kapena 1, ndipo pa kasungidwe kololeza manambala a negative, ochepera 0 aja, 2,147,483,647 ndiye mapeto. Mapulogalamu akale amene amawerenga nthawi m'masekondi kuchokera pa 1 Januwale 1970 adzafika pa nambala imeneyi pa 19 Januwale 2038, ndipo osakonzedwa adzasokoneza tsiku. Ana amene tili nawo m'kalasi lerowa ndi amene adzakhale ali pa ntchito nthawi imeneyo.

Ndikupempha anzanga, patulani phunziro limodzi lokha, muwapatse ana nambalayi alimbane nayo musanawauze yankho.

Mphunzitsi wa masamu