Kudandaula za malipiro pa WhatsApp si mlandu wochotsera munthu ntchito

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu, poti kudandaulira pa WhatsApp masiku ano kukuthetsera anthu ntchito.

Mwana wa mchemwali wanga wagwira ntchito zaka 4 pa kauntala m'shopu ina yogulitsa zipangizo zomangira ku Limbe. Malipiro a miyezi iwiri sanatuluke. Alandilodi akugogoda, mayunitsi a magetsi atha, kuntchito akupita wapansi kuchokera ku Bangwe. Tsiku lina usiku analemba pa status yake kuti: "Mwezi wachiwiri uno, malipiro ziii. Mulungu yekha." Sanatchule shopu, sanatchule bwana. Mnzake wapantchito, yemwe uja amagawana naye chipisi masana, anajambula mawuwo n'kuwatumiza kwa manijala. M'mawa mwake kunabwera uthenga: "Usabwerenso, waipitsa dzina la kampani." Uthengawotu unabwera pa WhatsApp pomwepo, ulibe kalata, ulibe siginecha.

Dzina la kampani! Dzina limeneli ndi lolimba zedi, a Mkonzi. Miyezi iwiri yosalipira antchito silinadetsedwe, koma mawu 7 a mtsikana wanjala, owerengedwa ndi anzake a kutchalitchi ndi azakhali ake, aligwetsera m'matope tsiku limodzi. Abwana amenewa analibe nthawi yopita kubanki, koma nthawi yowerenga ma status a antchito awo pakati pa usiku anali nayo yambiri.

Kodi lamulo la Employment Act la 2000 linathetsedwa ife tili mtulo? Gawo 57 likunena poyera kuti munthu sachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati nkhani ndi ya khalidwe, ayenera kupatsidwa mpata wodziteteza kaye. Gawo 61 likuti udindo wotsimikiza kuti chifukwacho chinalipo uli pa wolemba ntchito, osati pa wochotsedwayo. Gawo 56 likutchula zilango zina monga chenjezo lolemba ndi kuimitsa munthu kwa kanthawi. Abwana athuwa anadumpha zonsezi ngati ngalande. Pamwamba pa malamulo onsewa pali Malamulo Oyendetsera Dziko, omwe gawo 31 likupatsa aliyense ufulu wochitiridwa chilungamo pantchito ndi kulandira malipiro oyenera, pomwe gawo 35 likupereka ufulu woyankhula zakukhosi. Sindinaonepo pamene panalembedwa kuti ufulu umenewu umathera pageti la shopu.

Chimene chandiwawa kwambiri n'chakuti mtsikanayu atafunsa za ndalama zake, anauzidwa kuti akalimbalimba amutengera kupolisi "pa mlandu wa cyber". Mawu amenewa asanduka chikwapu cha aliyense wokhala ndi kiyi wa ofesi. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lilipodi, ndipo gawo 87 likukamba za munthu amene mwadala komanso mobwerezabwereza akusokoneza mtendere wa mnzake ndi mauthenga opanda cholinga chenicheni. Kunena kamodzi kuti sunalipidwe, pamene sunalipidwedi, kukulowa pati pamenepa? A MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi mauthenga, ndi apolisi, tiuzeni ngati lamuloli munalipangira otibera pa Airtel Money ndi Mpamba kapena anthu ofunsa thukuta lawo.

Musandimve molakwa. Wantchito woulutsa zinsinsi za makasitomala, wojambula odwala m'chipatala n'kuwaika pa TikTok, kapena wotukwana anzake pa Facebook, ayenera kulangidwa ndithu. Komabe naye amaitanidwa, amauzidwa mlandu wake, amayankha. Ngakhale pabwalo la anyakwawa mbava ya nkhuku imapatsidwa mpata woyankhula.

Ndipo poti tayamba kale, tiyeni tikambe za foni imeneyi. Ndi ya ndani? Abwana ambiri m'tauni muno amaika antchito m'magulu a WhatsApp osawafunsa, amatumiza malangizo 10 koloko usiku ndi Lamulungu lomwe, amafuna yankho pompopompo, bandulo ndi ya wantchito. Kukabwera katundu watsopano amalamula kuti aliyense aike chithunzi cha simenti ndi malata pa status yake, osalipira ngakhale tambala. Pamenepo status ndi ya kampani. Mwini foni akaikapo njala yake, wapalamula. Ndiye pali akazitape, achinyamata anzawo omwe aona kuti njira yokwezedwera pantchito ndi kutumiza ma screenshot. Tikulera mbadwo woopa kulemba ngakhale vesi la m'Baibulo kuopa kuti bwana aganiza kuti Farao ndi iyeyo.

Mudzati apite kukhoti. Inde, khoti la milandu ya zantchito la Industrial Relations Court lilipo, ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Koma ndani sadziwa kuti milandu kumeneko imatha kugona zaka? Ndipo gawo 63 la Employment Act likuti chipepeso chochepetsetsa kwa amene sanapitirire zaka 5 pantchito ndi malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse. Kwa mtsikanayu ndiye kuti masabata 4, ndalama yomwe pofika tsiku lachigamulo kwacha idzakhala itaidya kale. Abwana amadziwa masamu amenewa kuposa ife, n'chifukwa chake sanjenjemera.

Unduna wa Zantchito, a bungwe la olemba ntchito la ECAM ndi a mgwirizano wa mabungwe a antchito wa MCTU, khalani pansi mwezi uno. Malo aliwonse antchito akhale ndi malamulo olembedwa a kagwiritsidwe ntchito ka masamba a mchezo, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka momwe, wantchito asayine asanayambe ntchito, ndipo kudandaula za malipiro ochedwa kusakhale m'gulu la milandu. Wochotsa munthu pa WhatsApp alipitsidwe chindapusa chowawa. Achinyamata inu, musafufute mauthenga a abwana, ndipo kadandauleni ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu miyezi 3 isanathe monga gawo 62 likunenera, musadikire kuti akuitananinso.

Wokwiya,
Bangwe, Blantyre