Tisawerengere senderela ngati mbawa podzala mitengo

A Mkonzi,

Nyengo yodzala mitengo ikafika, m'manazale ambiri kuno ku Mulanje mumadzaza senderela, ndipo anthu amati palibe kanthu poti nayo ndi ya matabwa ngati mbawa. Chibale chilipodi. Mitengo yonse iwiri ili m'banja la Meliaceae, ndipo maluwa ake ndi ang'onoang'ono, oyera, onunkhira. Koma mbawa ndi Khaya anthotheca, mabuku ena amati Khaya nyasica, mtengo wathu wa m'mbali mwa mitsinje ngati Likhubula ndi Ruo. Senderela ndi Toona ciliata, mlendo wochokera ku Asia ndi Australia.

Bungwe la IUCN, loona za kuteteza zachilengedwe padziko lonse, linaika mbawa m'gulu la Vulnerable mu 1998, kusonyeza kuti ili pa chiopsezo chakutha chifukwa chochekedwa mopitirira muyezo. Senderela ili m'gulu la Least Concern, ilibe chiopsezo. Imadzimerera yokha, njere zake zimauluka ndi mphepo, ndipo mukaidula imaphukira pachitsa ndi kumizu mpaka kutsekereza mitengo yachilengedwe. Yotereyi sifunika kuiwonongera machubu.

Posiyanitsa, onani chipatso. Cha mbawa ndi chozungulira, cholimba ngati thabwa, chimang'ambika zigawo 4 kapena 5, ndipo njere zake ndi zaphanthiphanthi zokhala ndi kaphiko kozungulira. Cha senderela ndi chaching'ono, pafupifupi masentimita 2, cha khungu lopyapyala. Tsamba la senderela limakhalanso ndi timasamba tambiri kuposa la mbawa.

Ambiri amaitaya mbawa ponena kuti simera. Vuto ndi mbewu yokhalitsa. Njere zake zimafa msanga, choncho tolani zipatso zikangoyamba kung'ambika pamtengo, tayani njere zoboola ndi tizilombo, fesani zisanagone nthawi, ndipo musakwirire kwambiri. Vuto lina ndi mbozi ya Hypsipyla robusta yomwe imaboola nsonga ya mtengo waung'ono. Nsonga ikafa, mtengo umachita mphanda m'munsi, thabwa lowongoka osapezekanso. Mboziyi imakonda mbawa zodzalidwa zokhazokha padzuwa, ndiye zidzaleni mosakaniza ndi mitengo ina pamthunzi wochepa, pa dothi lachinyontho, ndipo zikachita mphanda siyani nthambi imodzi yamphamvu.

Ndikupempha a zankhalango ndi makomiti a m'midzi kuti popereka chiwerengero cha mbande azitchula mtundu uliwonse pawokha, tidziwe kuti mbawa zomwe zalowa m'nthaka ndi zingati.

Wokonda nkhalango,
Likhubula, Mulanje