Chithunzi cha ubongo chizifika kwa katswiri ambulansi isananyamuke

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za anthu ovulala kumutu amene amamwalirira m'njira, akuthamangitsidwa kwa dokotala wa opaleshoni ya ubongo yemwe ali kutali.

Chigaza sichitanuka. Mtsempha ukaphulika mkati, magazi amaunjikana n'kuyamba kupanikiza ubongo. Chonyenga chake n'chakuti munthu amatha kudzuka, kulankhula bwinobwino, ngakhale kukana thandizo, kenako patapita maola ochepa n'kukomoka. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine mu 1981 anaona odwala okomoka omwe magazi anawaundana pansi pa chikutiro cha ubongo. Mwa amene anachitidwa opaleshoni pasanathe maola anayi, anamwalira 30 pa 100 alionse. Mwa amene anachedwa, 90.

Maola anayiwo amathera kuti? Kudikira sikani ya CT (kujambula mkati mwa mutu ndi makina), kulemba kalata yotumizira wodwala, kusaka galimoto, ulendo wenwenieniwo, ndiye kukafika n'kuyambanso kumuyeza ngati sanaonedwepo. Ena amayenda ulendo wonsewo n'kukauzidwa kuti sakufunika opaleshoni, bedi limene atenga likusowa wina.

Apa m'pamene ndikuona phindu la kuonana ndi katswiri kudzera pa intaneti. Zithunzi za CT zikangotuluka, zipite kwa iye nthawi yomweyo. Aziona, aone wodwalayo pa vidiyo, amve nambala ya Glasgow Coma Scale, yoyezera mmene wodwala akuzindikirira zinthu, imene imayambira pa 3 kulekeza pa 15, afunse ngati diso limodzi latanuka mboni kuposa linzake. Pamenepo anene chimodzi: mutumizeni msanga ndipo chipinda cha opaleshoni tikukonza, kapena akhale konko muzimuyang'anira, kapena nthawi yatha, boolani chigaza pomwepo ndikuuzani pochita.

Chachitatuchi anthu amachiopa, ndipo ndikumvetsa. Koma mu 2009, ku Maryborough m'chigawo cha Victoria ku Australia, dokotala wa kumudzi anaboola chigaza cha mnyamata amene anagwa panjinga, pogwiritsa ntchito choboolera cha amisiri, katswiri wa ku Melbourne akumutsogolera pafoni. Mnyamatayo anapulumuka. Inali foni chabe, yopanda chithunzi.

Chimene chimandipweteka n'chakuti m'malo ambiri zonsezi zatsamira pa chibale. Dokotala wachinyamata amajambula sikirini ndi foni yake, n'kutumizira pa WhatsApp katswiri amene amadziwana naye, n'kumadikira kuti mwina ali maso. Zithunzi ziwiri zosaoneka bwino, pamene sikani ili ndi zambirimbiri. Malangizowo salembedwa paliponse, chinsinsi cha wodwala chili m'foni ya munthu, ndipo zikavuta aliyense amaloza mnzake.

Ndikupempha oyendetsa zipatala kuti akhazikitse nambala imodzi yoyankhidwa usana ndi usiku, yokhala ndi ndandanda ya akatswiri olipidwa pa ntchitoyo. Sikani izitumizidwa yathunthu pa njira yotetezedwa, ndipo zimene katswiri walamula zizilowa m'faelo ya wodwala, ndi nthawi yake. Madokotala a opaleshoni wamba aphunzitsidwe kuboola chigaza pasadakhale, zida zili m'kabati, chifukwa munthu sangaphunzire zimenezi koyamba pakati pa usiku wodwala akupuma movutikira. Ndipo kumene kulibe makina a CT, ndalama ziyambire kumeneko, poti katswiri sangaweruze chimene sanachione.

Ine wanu,
Wowerenga wokhudzidwa