Lipoti la maphunziro a mbuzi za mkaka kwa mamembala a kalabu yathu

A tcheyamani ndi alimi anzanga, zikomo pondituma ku maphunziro aja. Funso lomwe munandipatsa linali lakuti tigulitse mbuzi zathu zamakolo kuti tigule za Saanen kapena ayi. Nditamva zomwe alangizi a ziweto anafotokoza, maganizo anga ndi akuti tisathamange.

Mtundu wa mbuzi ndi womwe umayamba kusiyanitsa mkaka. Saanen, mbuzi yoyera yochokera ku Switzerland, ikamadya bwino imakamidwa malita 2 kapena 3 pa tsiku, koma mkaka wake ndi wopyapyala, mafuta ake amakhala pakati pa 3 ndi 3.5 peresenti. Anglo-Nubian, ya makutu akugwa ija, mkaka wake ndi wocheperako koma mafuta amapitirira 4 peresenti. Zathu zamakolozi zimangodzaza kapu, komabe mkakawo ndi wokandapala, ndipo zimapirira kutentha ndi matenda kuposa Saanen. Boer musaiwerengere pano, imeneyo ndi ya nyama.

Pomwe tinakhalitsa ndi pa zakudya, ndipo apa mpamene ndikufuna mumvetsere. Mafuta a mumkaka amachokera makamaka ku udzu ndi masamba omwe mbuzi imabzikula. Mukaithirira madeya ambiri udzu nkuchepa, mkaka ukhoza kuchulukako koma mafuta amatsika, ndipo m'mimba mumachita asidi mpaka mbuzi kusiya kudya. Ambiri a ife timaganiza kuti kukonda mbuzi ndi kuidzazira madeya m'beseni. Madeya akhale owonjezera chabe, pang'onopang'ono, nthawi yokama.

Nsenjere yokha sikwanira. Mbuzi yoyamwitsa imafuna zomanga thupi monga masamba a nandolo, gliricidia, lukina ndi masangwi a mtedza. Lukina asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse, chifukwa akachuluka amathothola ubweya. Chomwe chinandikhudza nchakuti masangwi omwe timatentha m'minda tikakolola ndi omwe akanatipatsa mkaka mu Okutobala udzu utauma. Saanen yosowa chakudya nthawi imeneyo imaonda msanga kuposa yamakolo, ndalama nkupita pachabe.

Madzi nawo asamasowe m'khola, popeza pafupifupi 87 peresenti ya mkaka ndi madzi.

Amayi ena anafunsa za fungo lomwe limathawitsa ogula. Yankho linali lakuti tonde akhale ndi khola lake patali ndi pokamira, bere litsukidwe, mkaka usefedwe ndi kuwiritsidwa msanga. Tikame mpaka bere lithe, chifukwa mkaka wotsiriza ndiwo uli ndi mafuta ambiri. Mkaka wachikasu wa masiku oyamba mbuzi ikangobereka ndi wa kamwana, tisaugulitse.

Pempho langa ndi ili. Tisunge mikota yathu, tisonkherane tigule tonde mmodzi wa Saanen kuti ana ake atenge mkaka kwa bambo ndi kupirira kwa mayi. Koma tondeyo asabwere aliyense asanadzale mzere wa gliricidia kapena nandolo ndi kumanga kathandala kosungirapo masangwi pamthunzi. A mlembi, chonde nkhani ya zosonkha ndi ya yemwe adzasunge tondeyo ziikidwe pa mndandanda wa zokambirana za msonkhano ukubwerawu.